Mphindi Makumi Awiri

Anakumana pa sikelo. Kandege koyenda pakati pa zilumba ziwiri kanali ka mipando isanu ndi itatu, ndiye aliyense ankayezedwa kulemera asanakwere, ndipo mtsikana wa pasikelo ndiye ankasankhira anthu pokhala kuti kasapendekeke. Tsiku loyamba Kaputeni watsopano anakwera yekha pa sikelopo n'kufunsa ngati imayezanso mtima wolemedwa ndi chikondi.

Bodza la mkunkhuniza! Koma mtsikanayo anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamulowetsa m'mavuto.

Kandegeko kasananyamuke ku chilumba chinacho, foni ya mtsikanayo inkalira: "Wapamtima, yamba kuwerenga. Mphindi makumi awiri zokha ndikhala m'manja mwako." Iye ankawerengadi, maso ali kumwamba. Kaputeni anamuveka mphete, namulonjeza kuti mpando wakutsogolo, pafupi ndi iye, sadzakhalapo mkazi wina. Masiku atatu pa sabata ankagona kutsidyako, akuti chifukwa cha mphepo. Mphepo yanji yodziwa Lachisanu?

Mmawa wina pa sikelo panafika mayi wobereka mwana, atanyamula chikho chotsekera cha chakudya. Anati sanakwerepo ndege. Anabwera dzulo lake pa boti kuchokera kutsidyako, tsiku lathunthu pamadzi, kuti adzadzidzimutse mwamuna wake, koma sanapeze kumene amagona. Tsono amafuna abwerere naye limodzi.

"Ndi amene amayendetsa ndegeyi," anatero monyadira. "Amatopa, achemwali. Maola anayi m'mwamba si masewera. N'chifukwa chake masiku anayi amagona konkuno."

Mtsikanayo anayang'ana mwanayo. Mphuno yomweyo, makutu omwewo. Chaka chathunthu akuwerengera mphindi mwamuna wa mwini!

"Mayi, ndani anakuuzani kuti ndi maola anayi?"

"Bambo a mwanayu."

Mtsikanayo analemba makilo awo, n'kuwapatsa mpando wakutsogolo.

Kaputeni analowa akuimba mluzu, chipewa chili pambali. Ataona awiriwo ataima limodzi, mluzu unathera pakhosi. Anayamba kunena za mphepo, za ntchito, zoti afotokoza zonse madzulo.

"Wapamtima, ndimvere kaye..."

"Wapamtima wake uti? Tilipo awiri pano."

Mtsikanayo anavula mphete ija n'kuiponya pa sikelo. Muvi sunasunthe ngakhale pang'ono.

"Mwaona? Ilibe kulemera, ngati mawu anu."

Kenako anavula wotchi yake yapamkono, ija ankawerengera mphindi, n'kuimanga pa dzanja la mayi uja. Misozi inali itafika, koma anaikaniza. Alire pamaso pa ameneyu?

"Mayi, ndege ikangonyamuka muyang'ane nthawi. Ikatera muyang'anenso." Anatembenukira kwa Kaputeni. "Inu, akazi anu akhala pambali panu. Muli ndi mphindi makumi awiri zoti muwafotokozere kumene maola enawo mumakawathera."

Atatero anaitana munthu wotsatira pamzere kuti akwere pa sikelo.