Lenzi Yaitali ya Phee

Tsiku limene Phee anagwa pa siteji akuimba kwaya, sukulu yonse inafa ndi phwete. Dzina la Phee anamupatsa ndi anzake chifukwa sankalankhulalankhula, ndipo mwina anthu akanaiwala msanga za kugwako. Koma mtsikana wina wa m'kalasi mwake, amene ankamutcha Dona chifukwa cha mayendedwe ake onyada, anamujambula pa foni ali chagada, miyendo m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Pofika madzulo chithunzicho chinali m'mafoni a aliyense. Teremu yonse, Phee akamadutsa, anyamata ankalira ngati achule.

Phee sanagwetse msozi pagulu. Anangoti chamumtima, "Dona, tsiku lako likubwera."

Atakhoza bwino mayeso, amalume ake anakwaniritsa lonjezo lomugulira kamera. Anapita naye ku shopu ina yopapatiza, yodzaza makamera ogwiritsidwapo kale ntchito. Mwini shopuyo anali mayi wovala magalasi okhuthala.

"Mwanawe, ukufuna uzijambula chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Anthu," anayankha Phee.

Mayiyo anatulutsa kamera yaing'ono yakuda n'kuipukuta ndi kansalu. "Wophunzira kumene amayamba ndi iyi. Ndi yopepuka, mabatani ake ndi ochepa, batire imakhalitsa. Kungoti lenzi yake ndi yaifupi, ndiye uzichita kumuyandikira munthu n'kumupempha. Ndikuikirapo memore khadi ndi kachikwama."

Koma maso a Phee anali pa shelefu ya pamwamba, pomwe panali chikamera cha lenzi yaitali ngati botolo.

"Nanga icho?"

"Icho n'cha ojambula mpira ndi mbalame. Chimakoka munthu ali kutali, mwiniwake osadziwa n'komwe."

"Ndikufuna chimenecho."

Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe, chimenechi chikuthyola khosi! Mbalame zake ziti, iwe woopa ndi nkhuku yomwe?"

"Amalume, munati ndisankha ndekha."

Mayi uja anamuyang'ana Phee kanthawi, kenako anatsitsa kamerayo. "Chabwino. Koma dzanja likangonjenjemera, chithunzi chimatuluka mbuu. Uzitsamira khoma, n'kugwira mpweya, kenako n'kudina."

Kwa masabata atatu Phee ankamulondalonda Dona akaweruka kusukulu. Lamba wa kamera anamusupula pakhosi, koma sanagonje. Anamujambula akuyasamula, anamujambula akutokosa m'mano, koma zonsezi ankaziona kuti n'zochepa. Iye ankafuna chithunzi choti Dona asadzadzutsenso mutu.

Lachisanu lina Dona sanalowere njira ya kwawo. Anakhotera kuseri kwa galaja ina uku akucheukacheuka. Kumeneko kunaima galimoto yakale, ndipo munatuluka bambo wa imvi. Dona anathamanga n'kumukumbatira, bamboyo n'kumupatsa kajumbo. Phee anatsamira khoma, anagwira mpweya, n'kudina. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri moti onse awiri ankazindikirika bwinobwino.

Asanafike n'komwe kunyumba anali atachisamutsira pa foni. Anachiponya pa gulu la kalasi n'kulemba kuti, "Dona ndi chidyamakanda chake."

Lolemba sukulu yonse inali pa nkhani imeneyi. Anyamata omwe aja ankalira ngati achule tsopano ankamuwombera m'manja. "Phee, kani ndiwe woopsa chonchi!" Mtima wake unali zii, ngati wamwa madzi ozizira dzuwa likuswa mtengo. Anayang'ana desiki ya Dona kuti aone nkhope yake, koma panalibe munthu. Lachiwiri panalibenso.

Lachitatu aphunzitsi a kalasi yawo anamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Bambo unawajambula aja ukuwadziwa?"

"Ayi, madamu."

"Ndi bambo ake omubereka. Ukwati unatha moipa, ndipo amayi ake analumbira kuti mwanayo asadzaonanenso nawo. Ankakumana mobisa kamodzi pa mwezi. Pano amayi ake aona chithunzi chako. Amuchotsa sukulu, akumutumiza kwa azakhali ake kutali."

Phee anatuluka mu ofesimo atazolika mutu.

Ataweruka anafunsira njira mpaka anafika kwa Dona. Pakhonde panali zikwama ziwiri zomangamanga. Dona anakhala pa chimodzi, maso atatupa, tsitsi losapesa.

"Wabwera kudzajambulanso?" anafunsa Dona.

"Sindimadziwa kuti ndi bambo ako. Ndalemba kale pa gulu kuti ndinanama."

"Ndaona. Awerenga ndi angati? Chithunzicho chafika mpaka kuntchito kwa adadi. Anzawo akuwatcha dzina lomwe unalemba lija." Dona anayang'ana pansi. "Ndinakulakwira, ndikudziwa. Ndinkafuna kupepesa, koma manyazi anandigwira."

Phee anatulutsa kamera m'chikwama. "Ndichifufuta pompano, uone ndi maso ako."

"Ayi!" Dona anamugwira dzanja mwamphamvu. Anayang'ana kukhomo kuti aone ngati amayi ake akumva, kenako anatsitsa mawu. "Tandionetsa kaye."

Phee anayatsa kamera. Pa kagalasi panaoneka Dona atabisa theka la nkhope pachifuwa cha bambo ake, bambowo atatsinzina, akumwetulira. Dona anachiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikudonthera pa mabatani.

"Zithunzi zonse za adadi amayi anawotcha," anatero. "Ukanditsukire chimenechi, undipatse basi isananyamuke mawa. Ndilibe china."

Phee anangogwedeza mutu. Anakolekera chikameracho pakhosi n'kuyamba ulendo wopita kotsukitsa zithunzi, akulira njira yonse.