Amene Anatseka Maso a Felton

Mtembo wa Felton Chikaonda unapezeka Lolemba m'mawa kuseri kwa ofesi yatsopano ya bungwe la Muuni wa Kumidzi ku Area 43, pakati pa milu ya njerwa. Inspekita Yunusu anafika fumbi la malole a simenti lili kobo. Chaka chimenecho likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo iye anabwera limodzi ndi madesiki. Lilongwe sanamukonde ngakhale pang'ono.

Bungwelo linkamanga masukulu, kukumba zitsime ndi kulalikira m'midzi yomwe inasamutsidwa kuti mzinda upeze malo. Felton ndiye ankayendera masukuluwo. Wina anamumenya ndi njerwa kunkhongo. Mozungulira mtembo panali nthenga za nkhuku ndi nsanza zofiira, moti omanga nyumba anaima patali, manja ali pakamwa.

"Ndi Gule ameneyu," mmodzi ananong'ona.

Yunusu anagwada. Maso a Felton anali otsekedwa bwinobwino, chibwano chomangidwa ndi mpango woyera, manja atapingasa pachifuwa. Anayesa kukweza mkono umodzi, koma unali gwa ngati mpini. Mitembo anaiona yambiri, koma wophedwa n'kukonzedwanso mwaulemu chonchi, ayi ndithu.

Pofika masana apolisi anali atagwira kale mlonda, Bauleni. M'chipinda chofunsira mafunso Bauleni anakhala pansi pamaso pa Yunusu.

"Unavinidwa iwe?"

"Ndili mnyamata, bwana. Koma ndinabatizidwa kalekale."

"Dzulo madzulo unali kuti?"

"Kumanda atsopano. Lamulungu lililonse ndimakasesa pomwe pagona mwana wanga Efelo. Nditabwerako ndinangokhala pageti, kuseri sindinapiteko."

"Loweruka anthu anakumva ukutukwana Felton."

Bauleni anayamba kulira. "Anandiuza kuti ndisiye kusesa pamanda paja, akuti chifukwa chake adzanena pamsonkhano wa makolo. Mtima unandipweteka. Bwana, kodi andinyonga?"

Yunusu yankho ankalidziwa. Mkulu wake anali atamuuza kale kuti mlondayo akaonekere kukhoti mawa lomwe, chifukwa akuluakulu osamukira m'nyumba zatsopano sankafuna kumva za zilombo kuseri kwa mipanda yawo. Chingwe chinali kudikira Bauleni basi.

Dokotala anati Felton anafa Lamulungu dzuwa lisanalowe, ndipo pofika m'mawa thupi linali litauma kale. Yunusu anabwerera ku ofesi ya bungwe, mpango uja uli m'thumba, mfundo yake osamasula. Anapeza a Naphiri, mayi wophika tiyi, akutsuka makapu.

"Mayi, munauonapo uwu?"

"Kalanga ine! Ndiye kuti a Zikhale anamukonza mnzawo," anatero a Naphiri. "Pabungwe pano munthu akamwalira, kaya mphunzitsi kaya wokumba zitsime, amamutseka maso ndi iwowo. Salola wina. Mfundo yawo ndi imeneyi, amaimangira pamwamba pa khutu."

A Edwell Zikhale anali mkulu wa bungwelo komanso mkulu wa mpingo, munthu woti akamadutsa ku Old Town amalonda ankavula zipewa. Yunusu atawaitanitsa kupolisi, analowa m'chipinda chofunsira mafunso chija atavala jekete, Baibulo lili kukhwapa.

"Bambo Zikhale, anamutseka maso Felton ndani?"

A Zikhale anayang'ana mpango uli patebulo. "Ndine. Nditafika m'mawa ndinamva chisoni. Sindikanamusiya ngati galu."

"M'mawa?"

"Eya, inu musanafike."

"Inu mwakonza maliro angati pamoyo wanu?"

"Osawerengeka."

"Ndiye mukudziwa kuti munthu akauma, manja sapindika, chibwano sichitsekeka. M'mawa Felton anali gwa. Inu munamukonza akadali wofunda. Nthenga munamwaza kuti tinene Gule, koma manja anu anachita zomwe anazolowera."

Baibulo la a Zikhale linagwa pansi, iwo osalitola.

"Ankandiyang'ana," anatero. "Ndinafika mpaka pageti kuti ndizipita, koma maso aja ankanditsata. Ndinachita mantha, a Inspekita. Ndinabwerera."

"Munamupheranji?"

"Mudzi wa a Bauleni utasamutsidwa, tinalonjeza anthu kuti manda awo tiwasamutsa ife, mwapemphero. Ndinachedwa nazo, ndinali kalikiliki ndi sukulu. Tsiku lomwe ndinapitako ndinapeza thalakitala itasalaza kale. Ndikanawauza chiyani? Ndinakhomera mabokosi ndekha, m'kati muli dothi, ndipo tinawaika ndi nyimbo. Anthu anandithokoza, natipatsa ana awo kuti tiwaphunzitse."

"Nanga Felton?"

"Omanga anafukula mafupa pokumba maziko a ofesi yathu, iye n'kuwaona. Mayi ake omwe ali pansi pomwepo. Ndinamugwadira, ndinati makolo akamva achotsa ana onse, masukulu atsekedwa. Iye anati sukulu yomangidwa pabodza kuli bwino igwe. Atatembenuka, ndinatola njerwa."

"Ndipo munali okonzeka kuti mlonda anyongedwe."

"Ndinkamupempherera," anatero a Zikhale.

Yunusu anatuluka msanga, poopa kuti angawamenye mbama.

Bauleni anamasulidwa dzuwa litapendeka. Panja anagwada m'fumbi, akuwomba m'manja, misozi ili chuchuchu.

"Zikomo bwana, zikomo! Ndinkaopa kuti ndikafa ine, pa Efelo pamera tchire. Ndipita komweko tsopano lino, ndikamuuze kuti atate ake apulumuka."

Anadzuka, n'kuyamba kuyenda cha kumsewu wa kumanda atsopano. Yunusu anaima pakhomo. Kugwira wakupha kunali kosavuta kuyerekeza ndi zimenezi.

"A Bauleni," anaitana. "Tabwerani kaye, mukhale pansi. Efelo sali kumeneko."