Chitseko Chinamuulula

Anakumana pa siteji ya basi, mvula ikukhuthuka. Mzime, mtsikana woluka tsitsi pa saluni ya pafupi ndi msika, analibe ambulera. Mnyamata wina wa jekete yofiira anamuphimba ndi ambulera yake.

"Achemwali, duwa ngati inu likanyowa ine ndili pompano, kumwamba ndikayankha chiyani?"

Mzime anaseka. Chimwalirireni bambo ake anali asanasekepo chonchi! Anapatsana manambala, ndipo Mzime anangomutcha Jekete.

Mameseji anayamba kugwa. "Wadzuka bwanji, mtima wanga? Ukapanda kuyankha, ine chakudya sichilowa." Lilime la mnyamatayo linali uchi wokhawokha, ndipo Mzime ananyambita.

Koma kunyumba kunali moto. Nyumbayo anamanga ndi agogo ake, bambo ake anabadwiramo n'kumwaliramo. Bambo aang'ono, omwe matenda onse a mkulu wawo sanabwere ndi sopo yemwe, maliro atangotha anatulukira ndi mawu.

"Mwana wamkazi nyumba n'njachiyani? Mawa ukwatiwa, uzipita. Tuluka tigulitse."

"Bambo, amene ndinkawasambitsa mkulu wanu muno ndine. Sindituluka!"

Ndani angagule nyumba muli munthu wokana kutuluka? Ogula ankangosuzumira pageti n'kubwerera.

Mzime akamudandaulira Jekete, iye ankamugwira dzanja. "Wokondedwa, ukuonderanji chifukwa cha chinyumba chakalecho? Bwera tizikhala limodzi. Ndikulonjeza, sudzaliranso."

Zimene bambo aang'ono analephera ndi ukali, Jekete anazitha ndi kunong'ona. Mzime analongedza sutikesi. Loweruka anamuitana adzamunyamulire, ndipo aka kanali koyamba kumulowetsa m'nyumbamo, poti masiku onse ankathera pageti.

"Zovala zina zili pachingwe kuseri, ndikaanule," anatero Mzime.

"Khala, mfumukazi yanga, ndipita ndine."

Jekete analunjika kukhitchini. Chitseko cha kumeneko chotulukira kuseri chinatsika kalekale, kiyi sazungulira pokhapokha uchikankhe ndi bondo n'kukweza chogwirira. Alendo onse ankalimbana nacho mpaka thukuta. Koma Jekete anangoika bondo, n'kukweza, n'kutsegula, uku akuimba kamluzu.

Mzime, yemwe anaona zonsezi, anamutsatira kukhitchiniko.

"Wadziwa bwanji?"

"Chiyani, bebi?"

"Bondolo. Wakuphunzitsa ndani?"

"Aaa, zitseko zakale zonse zimatero..."

"Usandipusitse! Chitseko chimenecho timachidziwa ndife a m'banja muno basi. Unalowamo liti muno?"

Jekete anayang'ana pansi. Mawu okoma aja anathawira kuti? Pomaliza anaulula. Ntchito yake inali yopezera anthu nyumba zogula. Bambo aang'ono anali ndi kiyi wina, ndipo ankamulowetsa m'nyumbamo Mzime akakhala ku saluni, kudzayeza zipinda. Ngakhale siteji ija anamulozera ndi iwowo, kuti akamukope Mzime atuluke m'nyumbamo.

"Poyamba inali ntchito, ndikuvomera. Koma pano ndimakukonda zenizeni, ndikulumbira!"

Kodi mtima umasweka ndi phokoso? Wa Mzime unasweka mwakachetechete. Anamukondadi mnyamatayo, ndipo n'zimene zinkawawa koposa. Misozi inatsika, koma sanaipukute. Anatsegula sutikesi n'kukhuthulira zovala zonse pampando wa bambo ake.

"Mtima wanga, tamvera..."

"Mtima wako uli m'thumba mwa bambo aang'ono, kautenge komweko. Tuluka!"

Jekete anafika pakhonde, n'kutembenuka ndi maso ofiira. "Ndiye ndikawauze chiyani?"

Mzime anaima pakhomo, dzanja lili pa felemu yomwe agogo ake anakhoma.

"Ukawauze kuti ndili muno. Akaifuna nyumbayi abwere okha adzandinyamule masana, anthu akuona. Asatumenso munthu wodzandipsompsona!"

Anatseka chitseko, n'kukhala pansi kulira. Analira mpaka mutu kuwawa, koma analirira m'nyumba mwake.