Mbewu Yofiira ya pa Chilumba

Lonjezolo linachitikira ku Dedza, m'munda wa sukulu, Medson Kamwendo akadali mphunzitsi wa tayi imodzi. Mnzake Abel Webquish, yemwe anachokera ku Amereka kudzaphunzitsa sayansi, anaima pakati pa mizere n'kunena kuti mtundu wake, Awampanowagi, unali ndi chimanga chakechake, chofiira ngati makala a moto, koma mbewuyo inatayika agogo ake akadali ana.

"Mukadzaipeza ndidzaisenza pamutu," anatero Medson, "ndipo phando loyamba kwanuko ndidzakumba ine."

Zaka zinadutsa. Medson anachoka m'dziko mmene ankachokera anthu okonda kuwerenga masiku amenewo, osatsanzika, ndipo pofika 1975 ankakankha mabedi a odwala pachipatala china ku Toronto, m'dziko loyandikana ndi Amereka. Abel anabwerera kwawo ku Mashpee, m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene ankaphunzitsa ana ndipo anthu ake anamuika m'bwalo la akuluakulu a mtundu. Mwezi wa Okotobala anangotulukira pakhomo pa Medson ku Scarborough, dera la ku Toronto, Chichewa chake chili chonse.

"Achimwene, yapezeka! Kuli mkulu wina pa chilumba kumpoto kuno, mayi ake anali a kwathu. Wakhala akuilima yekha, ndiye akusamuka chisanu chisanagwe. Tikachedwa aipereka kwa nkhuku."

Galimoto anali nayo Overtone, mlamu wake wa Medson, wogwira ntchito ku fakitale ya zitsulo ku Hamilton. Anavomera atamva kuti kukakhala nsomba. Kumene msewu unathera anabwereka bwato, n'kuyamba kupalasa.

Dziko lake ndi la nyanja zing'onozing'ono zosawerengeka. Imodzi ikatha mumasenza bwato kudutsa m'nkhalango mpaka mupeze ina.

"Alamu," anatero Overtone, mutu uli m'kati mwa bwato, "kwathu bwato limanyamula munthu. Kunoko ndiye zatembenuka bwanji?"

"Yendani, mukugwetsa nkhafi."

Mkulu wa pa chilumba anali wosayankhulayankhula. Anawapatsa zimanga zochepa za m'makoko, zokwana m'chipewa chachikulu, n'kuwaonetsa mitambo ya kumadzulo. Abel anasenda chimodzi, nachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba kufotokoza mmene adzabzalire ndi ana a sukulu, nsomba imodzi m'phando lililonse, monga ankachitira makolo awo.

"Nsomba? Kukwirira ndiwo?" anafunsa Overtone. "Aphunzitsi, mtundu wanu ukufunika mapemphero."

Pobwerera anaima pa kagombe kena kuti aume, mvula itawanyowetsa m'mawa wonse. Medson sanafunse munthu. Anamanga zimanga zija ndi makoko ake, monga ankachitira mayi ake poopa mbewa ndi mbuzi, n'kuzilendewetsa ndi chingwe kunsonga ya nthambi yaitali. Overtone naye anasunga chakudya mwa nzeru za kwawo: anachiika pansi pa bwato lovundikira n'kutsamiza miyala, chifukwa fisi sagubuduza mwala.

Akutola nkhuni anamva bwato likugubuduka. Chimbalangondo chakuda chinali chitalowetsa mutu m'thumba la chakudya.

"Abel, anthu a kwanu amatani zikatere?" ananong'ona Medson.

"Kwathu kulibe zimenezi, achimwene. Ine ndine munthu wa nkhanu."

Overtone anatola mapoto awiri n'kuyamba kuwaombanitsa, akuimba nyimbo ya kwaya ndi mawu onjenjemera. Chilombocho chinamuyang'ana, chinaimirira pansi pa nthambi ija n'kununkhiza, chinayesa kutambasula dzanja koma osafikira, kenaka chinanyamuka ndi thumba lonse. Chinawasiyira mchere ndi machesi.

Bwato linali litang'ambika pang'ono. Abel analimata ndi utomoni wa paini wosungunula pamoto, koma mphepo inakula, mafunde osalola munthu, ndipo anakhala pa gombelo mimba zikulira. Mbedza za Overtone sizinakole kanthu. Tsiku lachiwiri Medson anamupeza ataima pansi pa nthambi, mutu uli m'mwamba, ndendende mmene chinaimira chilombo chija.

"Chimodzi chokha, alamu. Chokazinga. Ndani adziwe?"

"Inu munaona kuti munthu akudya mbewu?"

"Ndinaona munthu akufa nayo m'manja."

Abel anamva. Anabwera, nkhope itagwa, n'kunena kuti ngati zafika pamenepo athyole chimodzi, iye sangabwerere kwa anthu ake ndi chimanga atasiya mlamu wa mnzake m'tchire. Medson anakana. Anakhala tsonga pansi pa mtengowo nkhafi ili pamiyendo, ndipo Abel analowa m'dambo mpaka m'mawondo, n'kuzula mizu ya zomera zonga mabango. Anaiotcha. Inkakoma ngati chinangwa chimene chinakhumudwa, koma inatsika.

Mphepo itachepa ananyamuka. Atatsala pang'ono kufika kumene anasiya galimoto, chimato chija chinamatuka, madzi n'kuyamba kulowa msangamsanga. Gombe linali pafupi koma osati pafupi kwenikweni. Medson anavula juzi, naipinda nkhata, naika mtolo wa chimanga pamutu, n'kutsikira m'madzi. Anamufika pachifuwa, ozizira ngati mpeni. Anayenda pang'onopang'ono, khosi lili chilili, mapazi akufufuza miyala, m'mbuyo mwake anzake akukoka bwato uku akutukwanizana. Atafika pamtunda Abel anayamba wagwira makoko asanagwire mnzake. Anali ouma.

"Mwaona?" anatero Medson mano akugundana. "Pamutu."

Overtone anadya mbale zitatu pa lesitilanti yoyamba ya m'njira, ndipo kufikira lero ku Hamilton amati chimbalangondo chinathawa mawu ake. Alipo amene amavomereza kuti n'zotheka.

Pa depoti ya basi ku Toronto, Abel anakumbatira chikwama chake ngati khanda.

"Timabzala mu Meyi, nsomba zikayamba kukwera mtsinje. Khasu ndikusungirani. Theka la lonjezo mwakwaniritsa, achimwene."

"Pasipoti yanga inatha, ndipo oidinda akuti sakundikumbukira," anatero Medson akuseka. "Koma ndipeza njira. Musayambe ndisanafike."

Abel anabwerera kwa anthu ake ndi mbewu ija. Mu Meyi anadikira mpaka nsomba zinatsala pang'ono kutha mumtsinje, kenaka phando loyamba anakumba yekha, ana a sukulu atamuzungulira. Medson ku Mashpee sanapite, chaka chimenecho kapena china chilichonse.