Pasipoti ya Hymavathi

Mtembo wa a Subbarayudu unapezeka Lachiwiri 10 koloko m'mawa, mu ofesi yawo ya pamwamba pa shopu ya maswiti ku Ameerpet. Anaupeza ndi mayi wosesa, ndipo kukuwa kwake kunatulutsa ophunzira onse a m'masukulu a makompyuta a mumsewu wathu uja.

Insipekitala Yadagiri anakwera masitepe akubuula ngati asenza thumba la mpunga. Maondo awo anatha kalekale, ndipo chimene chinawamaliza muchimva posachedwa. Pambuyo pawo panali Sajeni Farzana, mayi wa pakamwa posatseka.

A Subbarayudu anali mkhalapakati wa maukwati. Kuno ku Hyderabad mnyamata akangopeza viza yokagwira ntchito ku Amereka, makolo a atsikana amamulimbirana, ndipo mkuluyu ndiye ankadziwa woyenera kupita kwa yani. Tsopano anali chafufumimba pansi, magazi kunkhongo, nyali yamkuwa yopempherera itagwera pambali. Patebulo panali theka la kokonati ndi maluwa achikasu osafota.

"Izi n'za kukachisi," anatero a Yadagiri. "Wina wabwera nazo m'mawa womwe uno."

"Ndiye kuti watiphera munthuyu ndi wopemphera, bwana."

"Mumzinda muno aliyense wofuna viza ndi wopemphera. Yamba kumanga, uona ngati selo itikwanire."

Dokotala anati munthuyo wafa pakati pa 7 ndi 10 koloko. Mwini shopu ya maswiti anati m'mamawa, asanatsegule bwinobwino, anamva mtsikana akukalipa pamwambapo kuti, "Ndidzakuphani ine!" Ankamudziwa. Anali Hymavathi, mwana wa mayi wamasiye wosoka zovala.

Pofika 1 koloko Hymavathi anali m'chipinda chofunsira mafunso. Anali katswiri wa makompyuta. Dzina lake linalephera kawiri pa maere a viza, kachitatu linatuluka, chidindo anamupatsa, ndipo ndege yake inali ya Lachisanu m'mawa. Kampani ya ku Amereka yomulemba ntchito inamuuza kuti akapanda kufika Lolemba, basi, ntchito yapita.

"Unanenadi kuti udzawapha?" anafunsa a Yadagiri.

"Ndinanena, bwana, ndipo mukanakhala inu mukanawagenda ndi nsapato. Anatenga chithunzi changa kwa amayi n'kumachiyendetsa mzinda wonse, eti mtsikana wa viza, womukwatira akwera ndege ulele. Dzulo kwathu kunabwera chibambo chadazi ndi mayi ake kudzafunsa ngati ndimatha kuphika!"

"Nanga umatha?" anafunsa Farzana.

"Madzi otentha okha, achemwali."

A Yadagiri anabisa kuseka ndi chikhatho. "Utachoka kumeneko unapita kuti?"

"Kukachisi wa viza, kukathokoza. Ndazungulira kachisiyo maulendo 108, kuyambira 8 koloko mpaka 11. Taonani." Anavula nsapato. Mapazi anali matuza okhaokha.

"Anakuona ndani?"

"Khamu lonse lija amaona mnzake ndani? Koma a Chalapathi, bambo ake a mnzanga Phani, anandipatsa moni."

Akuluakulu a polisi anali atalamula kale kuti pasipoti yake isungidwe. Kokonati inali ya kukachisi, mtsikanayo anali kukachisi, mawu ophera anawanena yekha. A Yadagiri anaika pasipotiyo m'dirowa n'kukiya, ndipo nthabwala zonse za Hymavathi zinathera pomwepo.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "amayi anga maso anatha ndi singano kuti ine ndiphunzire. Ndege ija ikandisiya, sindidziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji."

Panja, mayi akewo anali atakhala pabenchi ndi zitini zinayi za mango a tsabola zoti mwana akadye kutsidya. Anauza wapolisi wa pageti kuti sachoka mpaka pasipoti itatuluka, ndipo ngati akufuna awamange ndi zitini zomwe.

Lachitatu linatha ndi kuthamangitsa mphepo. Chibambo chadazi chija chinapezeka kuti m'mawa wonse wa Lachiwiri chinali kwa dokotala wa tsitsi, mutu utapakidwa mankhwala, mboni zilipo. Madzulo a Yadagiri ndi Farzana anapita kwa a Chalapathi.

Aa, kunyumbako kunali chimwemwe! Masamba a mango pakhomo, azimayi akusinja manjano, zokometsera zachikasu zija, akuimba, ana akuthamangitsana pansi pa matebulo. Lamlungu Phani ankakwatira mwana wa mwini chigayo cha mpunga wa ku Miryalaguda, ukwati umene a Subbarayudu anaumanga ndi manja awo. Masabata awiri m'mbuyomo a Chalapathi anagawa maswiti mumsewu monse kuti viza ya Phani yatuluka. Ngakhale kupolisi bokosi linafika.

A Chalapathi anali mphunzitsi wopuma, wofatsa, wa malaya oyera mbuu. Anawathirira tiyi okha.

"Mwana uja musamuvutitse, bwana," anatero. "Ndinamuona ndi maso angawa. Ine nditamaliza maulendo anga khumi ndi limodzi ndinamusiya akuzungulirabe, thukuta kamukamu."

"Inali nthawi yanji?"

"Mwina hafu pasiti eyiti."

"Nanga mkwati ali kuti, timuyamikire?" anafunsa Farzana.

"Wagona, mayi. Mutu."

Umboniwo sunathandize kwenikweni. Munthu amene wamuona hafu pasiti eyiti akhoza kukwera njinga yamoto n'kufika ku Ameerpet isanakwane 10. Pasipoti inagonanso m'dirowa, mayi wa zitini pabenchi.

Lachinayi m'mawa a Yadagiri anati apite kukachisi akafunse ogulitsa maluwa. Farzana anangomwetulira, chifukwa polisi yonse inkadziwa kuti Lachinayi lililonse bwanayo amakhala ndi "kafukufuku" kumeneko. Mwana wawo Bhargav anali atalephera maere a viza zaka zitatu zotsatizana, ndipo maondo aja anathera pamiyala ya pakachisipo.

Ogulitsa maluwa sanakumbukire kanthu. A Yadagiri anavula nsapato n'kulowa m'khamu la anyamata onyamula mapasipoti pachifuwa. Farzana, poti ndi Msilamu, anatsala pageti akudya gwafa wa mchere. Bwanayo atatuluka akutsimphina, iye anali atakonza kale chowaseka nacho.

"Bwana, mundithandize, ine za kwanu kuno sindizidziwa. Mtsikana uja maulendo 108 mpaka matuza. Inu khumi ndi limodzi, a Chalapathi khumi ndi limodzi. Kodi azibambo mulungu wanu amakuchotserani mtengo?"

"Iwe, usanyoze. Wopempha amazungulira khumi ndi limodzi. Akalandira chimene wapempha, amabwera kudzathokoza ndi 108. Ine ndikadali wopempha, n'chifukwa chake..."

Anaima, nsapato imodzi ili m'manja.

"N'chifukwa chake chiyani, bwana?"

"Farzana, munthu amene anagawa maswiti masabata awiri apitawo, akupemphanso chiyani?"

Gwafa uja anagwa pansi.

2 koloko masana a Chalapathi anakhala pampando womwe unakhala Hymavathi. Anabwera okha atangoitanidwa, malaya ali oyerabe.

"Aphunzitsi," anayamba a Yadagiri, "ine ndazungulira kachisi uja zaka zitatu. Tsiku limene Bhargav adzapate viza, ndidzazungulira 108 ngakhale chokwawa. Inu Lachiwiri munazungulira kangati?"

A Chalapathi anayang'ana patebulo.

"Titumize galimoto ikatenge pasipoti ya Phani tione chidindo, kapena mutiuza nokha? Kunyumba kuli alendo. Sindikufuna ayione galimotoyo."

Mkuluyo anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

"Mulibe chidindo, bwana. Ku ofesi ya kazembe anamukana. Mafunso awiri okha, n'kumubwezera pasipoti pawindo. Koma ine ndinali nditagula kale maswiti. Nditamva kuti dzina latuluka pa maere ndinayesa zatheka, ndinauza abale, ndinauza apongozi ake a Phani. Mwana atabwera akulira, ndinamuuza kuti khala chete, tikapemphanso, mulungu akonza ukwati usanafike."

"Nanga a Subbarayudu?"

"Munthu uja samaliza ukwati asanaone chidindo ndi maso ake. Anandiumiriza sabata yonse. Lachiwiri nditachoka kukachisi ndinamupititsira kokonati ndi maluwa, ndinamuuza zoona, ndinamugwira miyendo. Ndinati dikirani ukwati udutse. Anaseka. Anati mnyamata wopanda viza ali ngati anyezi wa pamsika, ampezera mkazi wina wa msinkhu wake. Kenako anatenga foni kuti aimbire a ku Miryalaguda. Nyali inali pafupi. Ndinangomva kulemera kwake m'dzanja."

"Phani akudziwa?"

"Za viza zokha. Za nyali ayi. Ameneyo ndi mwana wabwino, bwana, wangopusa ndi kumvera bambo ake."

Farzana anasiya kulemba. "Nanga bwanji dzulo simunangonena kuti 108? Ife tikanadziwa bwanji?"

A Chalapathi anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsa zachibwana.

"Sindinaganizeko n'komwe, mayi. Ndinanamiza msewu wonse, ndinanamiza apongozi, ndinakunamizani inu. Koma kupita pamaso pa mulungu kukathokoza chinthu chimene sanandipatse? Chimenecho sindikanatha. Ndipo mwana wa mayi wosoka uja wandisowetsa tulo. Mupatseni pasipoti yake."

A Yadagiri anamva chisoni, ndipo sanabise. Anamumanga munthuyo okha, mwaulemu, n'kumutulutsira khomo lakumbuyo.

Hymavathi anafika 4 koloko akuthamanga ndi matuza ake omwewo. Atalandira pasipoti anatsegula tsamba la chidindo, n'kuliyang'ana, n'kulipsompsona, kenako anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mayi ake analulutira mpaka akaidi m'selo anayamba kuomba m'manja osadziwa chimene chachitika. Chitini chimodzi cha mango mayiwo anachikankhira m'manja mwa Farzana, china mwa a Yadagiri.

"Amayi, nanga ine ndikadya chiyani?"

"Ukaphunzira kuphika, chitsiru iwe!" Kenako mayiwo anatembenukira kwa bwanayo. "Achimwene, pali kankhani kamodzi. Ndili pabenchi paja ndinalonjeza kuti pasipoti ikatuluka, maulendo 108. Koma uyu mawa akhala m'mwamba, ine msana unatha ndi makina."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinatchula dzina lanu."

Farzana anaseka mpaka kugwira khoma.

Lachisanu ndege inanyamuka ndi Hymavathi. Loweruka m'mawa a Yadagiri anali pakachisi, maondo atamanga nsalu, Bhargav akuwawerengera pambali. Atafika pa khumi ndi limodzi miyendo inafuna kukhotera kugeti monga inazolowera.

"Adadi, mukathokoza chiyani, poti viza si yanga?" anafunsa mnyamatayo mwamanyazi.

A Yadagiri anamugwira paphewa mwamphamvu.

"Iwe uli pano, ine ndili pano, ndipo palibe amene tamunamiza. Werenga bwino, ndatsala ndi angati?"

"97, adadi."

"Mayo ine! Tiye."