Patapata za Hamidu

Hamidu anachoka kwawo, kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, kulowera kumtunda kutsatira mpasa, ndipo milungu itatu inatha osabwera. Mpasa ndi nsomba ya m'nyanja, koma ikafuna kuswa imakwera mtsinje kukafuna miyala ndi madzi othamanga. Iye anati nayenso akwera, pakuti usipa chaka chimenecho unali wosowa. Ananyamula kaukonde, mpeni ndi machesi, n'kusiya mkazi wake Lenia ali ndi pakati.

Shehe anakana kuwerenga dua ya maliro. Anati munthu wosaoneka mtembo kapena chizindikiro sitimulira. Choncho Lenia anangokhala pakhonde, wamasiye ayi, wapabanja ayi. Eda, masiku aja mkazi amabindikira polira mwamuna wake, sakanayamba. Ankaphika za anthu awiri, zinazo n'kukathirira abakha.

Zainab, mayi wa Hamidu, zodikira sankazidziwa. Anapita kwa Maganizo wofula njuchi, amene nkhalango ya kumtunda ankaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yake.

"Mbuzi," anatero Maganizo potchula malipiro ake. "Muja muli njovu, mayi."

"Mbuzi ya chiyani? Mukukandiberekera mwana wina? Abakha awiri ndi ndowa ya mpunga."

"Atatu."

"Awiri. Wachitatuyo ngwotsimphina, mungadzandinene kubwalo."

Ananyamuka m'mamawa, atatu. Wachitatu anali Abdulwahab, mlongo wake wa Zainab, msodzi amene anakalambira m'bwato koma tchire sanalipondepo.

Asanafike patali, Maganizo analoza mpango wakuda umene Zainab anafunda kumutu.

"Vulani uwo. Kashembe amakonda chakuda, amayesa njati."

"Ntchentche ndiyo indivule ine?"

Dzuwa lisanafike pamutu, khosi lake linali zotupa zokhazokha. Anang'amba thumba loyera la ufa n'kufunda limenelo. Kupepesa sanapepese.

Mvula inali italeka kalekale, udzu utauma gwa, koma mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira ngati magazi. Makungwa ake anali okhuthala, akuda ndi moto wa zaka zam'mbuyo.

"Imeneyi yamwa kuti madzi?" anafunsa Abdulwahab.

"Mizu yake inapitirira chitsime cha kwanu. Moto umabwera chaka ndi chaka, umangonyambita khungwa n'kudutsa. Kuno chilichonse chinapangana kale ndi moto."

"Ine kuno sindikupuma bwino, achemwali. Thambo lake n'lochepa."

"Yendani, achimwene. Thambo mukalipeza kunyumba."

Tsiku lachiwiri madzi anawathera pa dambo louma. Maganizo anakumba pamatope ong'aluka, ndipo m'munsi mwake munagwedezeka chinthu. Unali mlamba, wamoyo, ukuyasama kupuma mpweya ngati munthu. Anati umatha kudikira choncho mpaka mvula. Zainab anauyang'ana nthawi yaitali. Mumtima anati, ngati nsomba ikhala moyo kopanda madzi, nanga mwana wanga wa miyendo iwiri? Anakwirira yekha dzenjelo ndi manja, kuti mlamba usaume.

Apo m'pamene analimva likhweru. Kawiri kofupika, kamodzi kotalika. Hamidu ankaimba choncho bwato likamayandikira kumtunda, kuti mayi ake atsike ndi beseni.

"Hamidu!" Zainab anathamanga, minga ikumukoka chitenje. "Iwe Hamidu!"

Panalibe munthu. Panthambi youma panali kambalame kakuda, ka mchira wamphanda, ka maso ofiira. Kanapendeka mutu n'kuimbanso: kawiri kofupika, kamodzi kotalika.

Abdulwahab anayamba kutchula mayina a Mulungu.

"Ndi mnthengu," Maganizo anatero motsitsa mawu. "Mbalame yakuba mawu. Imalira ngati kabawi kuti zinzake zitaye chakudya, iyo itole. Siipeka nyimbo, mayi. Yoimbayo inaimva kwa munthu, ndipo inaimva kangapo."

"Ndiye kuti anagona kuno."

"Anagona kuno."

Kuyambira pamenepo mbalameyo sinawasiye. Ikhale yomweyo kapena ina, Zainab sankadziwa. Likhweru linkamveka kutsogolo, akafika linkamveka kumbuyo. Anasiya kuyankha, koma khosi linkatembenuka lokha.

Tsiku lachitatu masana anali pakati pa tsekera wotalika kuposa munthu. Kumanzere, kumunsi, kunkaoneka dziwe lalikulu la Bua, madzi ali zii. Mphepo inasintha. Poyamba linali fungo, kenako phulusa likugwa pamapewa, kenako kuthetheka ngati nsungwi zikuthyoka.

Njiri inawadutsa pamiyendo, n'kutembenuka, n'kulowa kudzenje chammbuyo, mano ali kunja. Ziwala zinauluka gulu. Akabawi ndi anthengu m'malo mothawa ankapita komwe kunali utsi, kukawakha ziwalazo m'mwamba.

"Kumtunda!" anakuwa Maganizo. "Uko kwakudako, kunapsa kale! Moto sudya pawiri!"

Koma Abdulwahab anali atatembenukira kale kumanzere. Munthu wa kunyanja akaona zoopsa mwendo umadziwa njira imodzi. Njuchi zikaukira, amadumphira m'madzi. Moto ukabuka pa gombe, m'madzi. Kuyambira ali mwana madzi ndiwo mayi wake. Anatsetsereka kulowera kudziwe, ndipo atafika pamwala anawerama kuti avule nsapato.

Kuwerama kumeneko ndiko kunamupulumutsa. Zainab anamupeza, n'kumugwira lamba kumbuyo.

"Ndisiyeni, achemwali! Madzi awa!"

"Wanena kumtunda mwini tchire! Abakha anga awiri ndinaperekera chiyani?"

Anamukoka ngati mbuzi yokana kumsika. Anakwera chokwawa, utsi uli m'maso, thumba la kumutu kwa Zainab likuyamba kunyeka. Anagwa chafufumimba pa lupsa, dothi lakuda lomwe linapsa masabata apitawo, pomwe timsipu tobiriwira tinali titatuluka kale pakati pa phulusa. Moto unafika m'malire, unasowa chodya, n'kukhota.

Ali chigonere choncho anaona mbawala ikutuluka mu utsi, ubweya ukufuka. Inadumphira m'dziwe muja. Inasambira pang'ono chabe. Chimene ankachiyesa chipika chinatseguka pakamwa, madzi anawira kamodzi, n'kubwerera zii.

Maganizo anakhosomola.

"Ng'ona maso ndi mphuno zili pamwamba pa mutu. Thupi lonse limabisala, iyo ikukuonani. Ikamva utsi siithawa. Imasendera kugombe, imadziwa kuti chakudya chikubwera chokha."

Abdulwahab anayang'ana mapazi ake. Nsapato imodzi inalibe.

Phulusa litazizira, Zainab anati akaitenge nsapatoyo, iye sangayende ndi munthu wotsimphina masiku atatu. Anatsika onse, Maganizo ali ndi nkhwangwa m'manja. Nsapato inali pamwala paja. Ndipo kuseri kwa mwala womwewo, pamthunzi, pamene pothamanga sakanaona, panali patapata ziwiri.

Zinali zoikidwa bwinobwino, moyandikana, zala zitaloza kumadzi, monga amaikira asodzi pa mchenga akamalowa m'nyanja, kuti potuluka angoponda. Ya kumanja inali itasungunuka chidendene ndi moto wakale uja. Ya kumanzere lamba wake anali womangidwa ndi ulusi wa ukonde, wobiriwira. Mfundoyo anamanga ndi Zainab mwini, akumukalipira Hamidu kuti mwamuna wamkulu chonchi akulephera kugula nsapato.

M'kati mwa imodzi munali bokosi la machesi, louma. Hamidu analisiya kuti lisanyowe.

"Akanayatsa pomwe anaimapo," Maganizo ananong'ona, "n'kuima popsapo, bwenzi..."

"Khalani chete, a Maganizo."

Zainab sanalire. Anayang'ana dziwe. Pakati pake panali timatumphu tiwiri, tosaphethira. Anayang'anana nato mpaka Abdulwahab atamaliza dua. Kenako anatola patapata, n'kuzikulunga m'thumba lopsereralo, n'kuzibereka kumsana monga ankamuberekera mwini wake.

Pobwerera anadutsa pa dambo paja. Pomwe anakwirira mlamba sanapayang'ane.

Anafika kumudzi tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili pamutu. Lenia anali pakhonde, mbale ziwiri zili pamphasa. Zainab anamasula thumba, n'kuika patapata pakhomo, zala zitaloza m'nyumba.

"Chotsa mbale imodzi, mwanawe. Ukasambe, uvale zoyera. Achimwene, kaitaneni Shehe, mukawauze kuti chizindikiro chawo chabwera."

Lenia anagwada, anagwira mfundo yobiriwira ija, ndipo maliro amene anakhala pakhosi mwezi wathunthu anatuluka.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamwamuna. Zainab ananeneratu pamaso pa onse kuti ameneyu akadzakula adzapita kwa Maganizo kukaphunzira tchire asanaphunzire nkhafi, ndipo bakha wotsimphina uja anakamutula yekha kwa Maganizo. Koma mpaka lero, mnthengu akalira pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, Zainab amasiya chimene wagwira. Amamvetsera. Mnthengu wa kumudzi kuno likhweru lija salidziwa, ndipo mayiyo sakudziwabe ngati zimenezo n'zabwino.