Chifuwa cha M'khola la Jenifa

Mbuzi zimatsokomola, inde, koma za Jenifa wa ku Ndamera zinayamba kutsokomola ngati bambo wandevu zake. Pakati pa usiku, mdima uli bii, achule a kudambo atatopa n'kulira, m'kholamo munkamveka kho, kho, khooo, kenako kubuula kwapansipansi koimitsa tsitsi.

Usiku wachitatu chifuwacho chinakula, ndipo kutacha Jenifa anagwa ndi chimfine chamoto. Pofika Lamulungu kwaya yonse imene amaimbamo inali pamphasa, matupi akutentha moti ukanakazingapo mtedza.

Mphekesera sizinachedwe. Akuti matendawo abwera pa ndege ya ufiti, ndipo imatera kuseri kwa nyumba ya a Esinala, mayi wamasiye woyandikana ndi kholalo.

"Akapanda kusamuka pofika Loweruka, nyumba ija ipsa," anthu ananong'onezana pamjigo, eni ake akumva.

Lachisanu usiku a Esinala anatenga munsi ndi tochi, nanyang'ama mpaka pakhola. Kho, kho. Kenako mawu osasa anati, "Jenifa, madzi."

Mbuzi yodziwa dzina la mbuye wake? Anakankha chitseko n'kuunika. Pakati pa mbuzi panagona Geresomo, mwamuna wa Jenifa, amene mudzi wonse unkadziwa kuti ali ku Joni, atavala jekete lachikopa, ndowe mpaka m'makutu.

"Amayi, zimitsani, chonde," ananong'ona. "Ine ndabwera pa ndege, katundu ali m'mbuyo pa lole. Wochokera ku Joni angalowe m'mudzi chimanjamanja? Ndikudikira filiji."

"Nanga chifuwachi?"

"Ndinachitenga m'ndegemo kwa bambo wina wochokera kutsidya kwa nyanja. Tinagundana mapewa, iye kuyetsemula kuyambira ku Joni mpaka potera. Musauze munthu."

"Nkhabe, mwanawe, zimenezo ayi."

Anamenya munsi pamgolo mpaka mudzi wonse unatuluka ndi zitenje m'manja.

"Bwerani mudzaone mfiti youluka ndi tiketi," anatero a Esinala. "Koma imani patali, ikuyetsemula."

M'mawa alangizi a zaumoyo anabwera, n'kulamula kuti odwala agone paokha ndipo kwaya iyambe yapuma. Palibe anamwalira. Masana ake, Loweruka lomwelo, anthu amene anasunga machesi ootchera nyumba aja anafika ndi mitolo ya udzu, mitu ili pansi, kudzafolera nyumba ya a Esinala. Eni ake anangokhala pampando, mwendo pamwendo, kuloza ndi ndodo.

"Apo pamadontha. Bwerezanipo."